Zitsulo za Ngolo: Zoti Gulu Lidziwe Lisanatulutse Ndalama

Abale otsogolera makalasi a kuwerenga, mudziwa kuti ophunzira akayamba kusonkherana ndalama, cinthu coyamba cimene amalakalaka ndi ngolo, imene anzathu a ku Katete amati cikocikale. Salakwa ai. Ngolo ituta cimanga, fodya ndi thonje, ituta njerwa, ndipo usiku ndiyo inyamula mayi wapakati kupita naye kucipatala. Koma ikapangidwa ndi zitsulo zolakwika imadya thumba lonse la gulu, ndipo cotsala ndi kulozana zala. Tsono tiyeni tione zofunika kuyang'ana.

Mtima wa ngolo ndi ekisolo, citsulo cogwira mawilo, cimene ku Tete amati eixo. Mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwao, ena kucokera ku Ukwimi m'boma la Petauke, napeza magalimoto opserera ali mbwee m'mbali mwa misewu. Amisiri anatolako zitsulo, ndipo zina zikali kuzungulira m'manja mwa ogulitsa. Cenjerani nazo. Citsulo cimene cinapsa ndi moto waukulu ndi kuzizira cokha cimafewa. Pamaso cioneka bwino, koma mukaika matumba cimapindika, matayala n'kuyamba kudyeka mbali imodzi. Ndiponso paipi yotseka kumapeto imene simudziwa kumene inacokera musaigule, musaiike pamoto. Dziko lino linalengeza mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika anacotsedwa, koma zipolopolo zakale zosaphulika n'zotheka kuzitola kuchire.

Maekisolo a kumbuyo kwa galimoto ali mitundu iwiri. Wa Land Rover uli ndi mabelingi ake awiri kuwilo komweko, motero mmisiri akhoza kucotsa mashafiti ndi magiya a pakati, ngolo n'kupepuka. Wa Hilux wakale kapena wa Peugeot 504 si tero: wilo limamangidwa pa shafiti yeniyeniyo, ndipo shafitiyo ndiyo isenza katundu. Pamenepo musalole kuti aicotse. Pogula, kwezani ekisolo pa miyala, zungulizani wilo ndi dzanja, mumvetsere. Likamalira kuti kholokholo, kapena likamagwedera mukalikankha, mabelingi atha, ndipo mtengo utsike. Atsopano mukawafunse ndi nambala yolembedwa pa mphete yake. M'sitolo za ku Tete dzina lake ndi rolamento.

Za matayala, ine ndimati muyambe kufunsa tayala musanagule ekisolo. Werengani mabowo a limu, asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi nambala ya pa tayala, monga 7.50-16 kapena 195R14. Sankhani saizi imene matayala ake ogwirako nchito apezeka pafupi, kuno ku Cassacatiza kapena kutsidya ku Chanida ndi Katete. Saizi 14 ndi ya maminibasi akale, ndiye sisowa kwenikweni. Ngolo yabwino ikhoza kugona pa mwala caka cathunthu cifukwa ca tayala limodzi lacilendo.

Tsopano felemu. Citsulo cangodya, cimene acizungu amati engo ayoni ndipo Apwitikizi amati cantoneira, amacigulitsa m'mitanda ya mamita 6. Pa felemu funsani ca 50 x 50 x 5, kutanthauza mamilimita 50 mbali iyi, 50 mbali iyo, ndi 5 kucindikala. Apa m'pamene kalasi lanu lionetse phindu lake. Mtanda wa mamita 6 wa saizi imeneyi ulemera makilogalamu pafupifupi 22 ndi theka, pamene wa mamilimita 3 ulemera pafupifupi 14 basi. Ndi maso kusiyana kwake n'kovuta, makamaka citsulo cikapakidwa penti. Tengani sikelo ya cimanga, mupacike, ophunzira awerenge okha. Mitanda iwiri ya pansi yokhala pa ekisolo ikhale ya citsulo ca ngalande ca 100 x 50 ngati ndalama ilola. Zitsulo zamizeremizere zomangira nyumba zisalowe mu felemu. Nzolimba mu simenti, koma paokha zimapindika ndipo zina zimathyoka pamene aziwocherera.

Pansi ndi m'mbali matabwa akwana, omangidwa ndi maboti. Thabwa likaola mulicotsa nokha, osalipira mmisiri. Bokosi la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi likwanira ng'ombe ziwiri. Alimi amakonda kukulitsa bokosi, koma lalikulu limakopa mwini kudzaza. Pa njira youma ndi yosalala ng'ombe ziwiri zamphamvu zikoka matumba 20 a makilogalamu 50. Pamcenga, pamatope ndi pacitunda cepetsani kwambiri, ngakhale kufika theka.

Mtanda wokokera ukhale wa mtengo wowongoka kapena paipi yocindikala yakuda. Paipi yamadzi yotuwa ija ili ndi zinki, ndipo utsi wake powocherera umadwalitsa mmisiri. Ekisolo ikhale pang'ono kumbuyo kwa pakati pa bokosi, kuti katundu atsamire pang'ono pa goli. Ikapita kutsogolo, mtanda umatukuka ndipo zingwe zimakola ng'ombe pakhosi. Ikapita kumbuyo kwambiri, makosi amatupa ndi kucita zilonda. Imangeni ndi maboti opindika ngati U. Masipuling'i, ngati muwaika, asawochereredwe, cifukwa citsulo cake cimang'aluka pamene padutsa moto. Ndipo munthu asawocherere limu tayala lili pomwepo, ngakhale atacotsa mpweya: kutentha kumaphulitsa tayala, ndipo anthu afa nazo.

Mmisiri asanawocherere zolimba, pemphani kuti ayambe wadonthezera m'ngodya mokha. Awiri a m'gulu apime ndi cingwe kucokera ngodya ina kufika ngodya yopingasa nayo, kenaka apime mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikalingana, felemu yawongoka. Apimenso kucokera kunsonga kwa mtanda kufika pa wilo lililonse, kuti ngolo isamayende cam'mbali ngati nkhanu.

Zonsezi mlembi wa gulu azilembe pa pepala la pangano: saizi ya citsulo ciliconse, ciwerengero ca mitanda, mtundu wa ekisolo, tsiku lomaliza, ndi ndalama yake, kaya ndi meticais kaya ndi kwacha. Mapepala akhale awiri, lina la mmisiri lina la gulu, ndipo theka la malipiro litsale kwa msungicuma kufikira ngolo itayesedwa ndi katundu pa njira yanu yomwe.