Njanji yatsopano ku Joni: idzere kuti, inyamule ndani?

Kukamacha, msewu wa Malibongwe Drive ku Johannesburg umakhala utadzuka kale. Pa mphambano za Cosmo City anthu amandandalika m'mbali mwa msewu kukodola minibasi, chala choloza m'mwamba kusonyeza kuti ulendo ndi wa m'tauni. Pagulupo Chichewa sichisowa: amayi ogwira ntchito za m'nyumba, alonda, anyamata osamalira kapinga kwa mabwana. Dera lonseli lilibe njanji, ndipo n'chifukwa chake nkhani yowonjezera njanji ya Gautrain ikukhudzanso abale athu okhala ku Joni.

Gautrain idayamba kuyenda pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa World Cup uyambe. Njanji yake ndi ya makilomita 80, masiteshoni ndi 10, ndipo imalumikiza Johannesburg, Pretoria ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Sitima yake imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Koma njirayo adaisankha potsata msewu waukulu wa N1, n'cholinga chokopa eni magalimoto kuti azisiya galimoto kunyumba. Mu 2005 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za mtengatenga, motsogozedwa ndi Jeremy Cronin, idadandaula kuti chuma chambiri chikuthera pa anthu ochepa opeza bwino. Dandaulo limenelo silidathe mpaka lero.

Tsopano boma la chigawo cha Gauteng likufuna kuwonjezera makilomita pafupifupi 150, ndipo njira zingapo zili pa mapu. Ina ndi yolowera ku Mamelodi, kum'mawa kwa Pretoria. Ina ndi ya ku Boksburg, ina yofika pa bwalo la ndege la Lanseria. Yomwe idaikidwa patsogolo, ndipo boma lidailengeza mu 2022, ndi yochoka ku Marlboro kudzera ku Sandton, Randburg ndi Cosmo City mpaka ku Little Falls, kuti pambuyo pake idzapitirire ku Roodepoort ndi ku Soweto.

Pa zonsezi, ya kumadzulo, yodzera ku Cosmo City ija, ndiyo ili ndi mutu. Mamelodi ali kale ndi njanji ya Metrorail yopita ku Pretoria. Soweto nayenso ali nayo, yochokera ku Naledi kukafika ku Park Station. Vuto la Soweto ndi lakuti njanji yakaleyo idamangidwa kuti izitutira antchito pakati pa mzinda, pomwe ntchito zambiri masiku ano zidasamukira kumpoto, ku Sandton, Randburg ndi Fourways. Munthu wa ku Soweto wogwira ntchito ku Randburg nthawi zambiri amayamba walowa m'tauni, n'kutsika, n'kukaimanso pamzere wina pa renki ya Bree kapena Noord. Amalipira kawiri, ndipo nthawi yake imathera panjira. Njanji yodzera kumadzulo ingamuchotsere mtolo umenewu, komanso ingafike kumene sitima sinapondeko.

Ya ku Lanseria imakoma m'makutu mwa amalonda, koma okwera ndege sangachuluke kuposa anthu opita ku ntchito m'mawa uliwonse.

Kusankha dera ndi chiyambi chabe. Pamabweranso funso lakuti sitima idzere pansi pa nthaka, pamilatho kapena pamtunda. Kuboola pansi kumapulumutsa nyumba za anthu koma kumadya ndalama zoopsa. Njanji yoyamba ija idaboola makilomita pafupifupi 15 kuchoka ku Park Station kulowera ku Marlboro. Kudzera pamtunda n'kotchipirapo, koma kumatanthauza kugumula nyumba, kulipira chipepeso ndi kulimbana ndi milandu. Nthawi ya njanji yoyamba, anthu a ku Muckleneuk ku Pretoria adakafika kukhoti pokana kuti sitima iwadutse pakhomo. A m'madera olemera amalemba maloya. Wochita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ku Cosmo City amangomva kuti asamuke.

Otsutsa, kuphatikizapo bungwe la Automobile Association, akuti ndalamazo zipite kokonza Metrorail, yomwe mbava zidaisasula mawaya ndi zitsulo sitima zitaima nthawi ya Covid-19 mu 2020. Amakumbutsanso kuti mgwirizano ndi kampani ya Bombela, yomwe idamanga Gautrain, udakakamiza boma kumaonjezera ndalama chaka ndi chaka okwera akachepa. Mfundo yawo ndi yomveka, koma kukonza njanji yakale sikungafikitse sitima ku Cosmo City. Njanji ziwirizi sizingabwerekanenso sitima, poti ya Gautrain ndi yotakata mamilimita 1,435 pomwe ya Metrorail ndi 1,067.

Chodandaulitsa pa njira yosankhidwayi ndi Diepsloot. Ndi dera lodzaza anthu, Amalawi ali mbwee, njanji kulibe, koma gawo loyambali silikufikako.

Kumadzulo ndiko koyenera kuyambira. Koma ngati tikiti ikhalabe yodula kuposa minibasi, monga zilili pa njanji yomwe ilipo kale, sitimayo izidzangodutsa pa Cosmo City anthu ali chiimire pa Malibongwe. Boma la Gauteng linene mtengo wa tikiti lisanakumbe dzenje loyamba.