Okalamba opita ku Vwaza asamale ndi kashembe

Anthu ambiri a mu Mzuzu amakula mpaka kumera imvi osaionapo njovu, chonsecho nkhalango ya Vwaza ili pafupi. Mukanyamuka m'mawa, kudutsa pa Ekwendeni n'kukhotera ku Rumphi, mumakafika pa nyanja ya Kazuni dzuwa lisanafike paliwombo. M'miyezi ya chilimwe njovu zimatsikira kunyanjako kudzamwa madzi, mvuu zili mbwee m'matope. Kwa agogo amene mawondo awo ayamba kuvuta, malowa ndi abwino chifukwa nyama amaziona ali chikhalire, osakwera phiri. Ana amene mwapeza kangachepe, atengeni makolo anu akaone.

Koma ku Vwaza kulinso kashembe. Ntchentche imeneyi imaluma masana, ndipo ikaluma munthu amadzidzimuka ngati wabayidwa ndi singano. Zambiri mwa ntchentchezi zilibe matenda, koma zina zimatenga tizilombo totchedwa Trypanosoma brucei rhodesiense m'magazi a nyama monga mbawala ndi njiri n'kutisiya mwa munthu. Umo ndi mmene amayambira matenda a kaodzera. Mtundu wa kuno umathamanga kusiyana ndi wa ku Congo umene umatha zaka: tizilombo timafika ku ubongo m'masabata ochepa, ndipo wosalandira mankhwala amatha kumwalira miyezi 6 isanathe. M'zaka za 2019 ndi 2020 Malawi adapeza odwala pafupifupi 90 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ochokera m'midzi yozungulira Vwaza ndi nkhalango ya Nkhotakota.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa okalamba n'chakuti matendawa amabisala kuseri kwa ukalamba. Pakatha sabata imodzi kapena itatu, munthu amamva kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, ndipo nthawi zina pamene adalumidwa pamatuluka chotupa chofiira chopweteka. Aliyense amati ndi malungo. Kenaka agogo amayamba kuodzera masana, usiku tulo osabwera, kuiwalaiwala, kuyankha zosagwirizana. Mnyamata wa zaka 25 akatero, banja limathamangira naye kuchipatala. Akatero agogo a zaka 72, anthu amangoti, “Ndi ukalamba umenewo,” kapena “Shuga wakwera,” masiku n'kumapita.

Kaodzera wa mtundu uno alibe kachipangizo koyezera pachala monga ka malungo. Amapezeka wa mulabotale akayang'ana magazi pa maikulosikopu, ndipo dokotala sangapemphe zimenezo ngati sakudziwa kumene mwayenda. Choncho mukafika ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala chilichonse, nenani musanafunsidwe: “Adokotala, masabata awiri apitawa tinali ku Vwaza.” Ngati mwamwa mankhwala a malungo a LA koma thupi silikuzizira, bwererani msanga. Chipatala cha boma cha Rumphi chili ndi anthu amene awazolowera matendawa.

Ku Rumphi komweko n'kumene kudachitikira mbali yaikulu ya kafukufuku amene wasintha chithandizo. Kale, tizilombo tikafika ku ubongo, wodwala ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 alionse olandira. Bungwe la DNDi, pamodzi ndi madokotala a ku Malawi ndi ku Uganda, lidayesa mapiritsi a fexinidazole. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidawavomereza, ndipo mu 2024 WHO idati akhale mankhwala oyamba pa kaodzera wa mtundu uno. Amamwedwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, munthu atadya mokwanira. Okalamba adziwe kuti mapiritsiwa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, motero buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse a BP, mtima ndi shuga azionetsedwa kwa dokotala.

Kupewa kumayambira m'sutikesi. Kashembe amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu, n'chifukwa chake nsalu zothira mankhwala zimene amazikolekera m'thengo kuti zimuphe zimakhala za mitundu imeneyi. Suti yakuda ya kutchalitchi ndi chitenje cha buluu zitsale kunyumba. Valani zakaki, zamikono yaitali, za nsalu yokhuthala, pakuti pa malaya opyapyala amaboola. Amatsatanso galimoto yoyenda, ndiye podutsa m'mitengo yothithikana tsekani mawindo. Mafuta othamangitsa udzudzu sathandiza kwenikweni pa kashembe, koma muwatengebe pamodzi ndi neti chifukwa usiku udzudzu ulipo.

Za madzi musaiwale. Munthu akamakula samva ludzu msanga, ndipo Vwaza mu Okutobala ndi yotentha kuposa Mzuzu. Agogo azipatsidwa botolo pafupipafupi ngakhale akunena kuti alibe ludzu.

Mukabwerako, lembani tsiku la ulendowo pa kalendala ya pakhoma, ndipo kwa mwezi wathunthu wina wa m'banjamo aziona mmene agogo akudzukira m'mawa ndi mmene akugonera usiku.