Mawu Asanafike pa Wailesi Yanu

Lero tikamba za makina osakanizira mawu, amene a m'situdiyo amawatcha mikisa.

Nkhani imeneyi si yachilendo ku Balaka. Gulu la Alleluya Band lidayamba kumeneko mu 1978, Balaka akali mbali ya boma la Machinga, ndipo situdiyo ya Bambo Paul Banda ya Imbirani Yahweh idajambula oyimba ambiri amene adatchukitsa chamba cha ku Balaka m'zaka za m'ma 1990. Lero mikisa ambiri ndi a digito, ena ali m'kati mwa kompyuta, kotero mnyamata aliyense angathe kujambula kwaya ya kwawo. Makina adachuluka, koma luso lowagwiritsa ntchito likali losowa.

Tiyambe ndi kukula kwa mawu. Maikolofoni iliyonse imakhala ndi njira yakeyake pa mikisa. Pamwamba pa njirayo pali kabatani kopotokola kotchedwa gain, kamene kamalandira mawu polowa; m'munsi muli kachogwirira kokankha kotchedwa fader, kamene kamapima mawu potuluka. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Amakweza gain mopitirira muyeso, kenaka n'kutsitsa fader poganiza kuti akonza zinthu. Iyayi. Mawu akasweka polowa, asweka basi; fader amangochepetsa phokoso la chinthu choonongeka kale.

Wotichenjeza ndi mita, timagetsi tija timakwera ndi kutsika. Mawu amayezedwa m'ma dB, ndipo pa makina a digito nambala ya 0 ndiyo denga. Tepi yakale inali yoleza mtima, inkalola kupyola malire pang'ono popanda khutu kudandaula. Digito alibe chifundo chotere: mawu akagunda denga nsonga zake zimadulidwa, ndipo chotuluka ndi kuthetheka kokwiyitsa. N'chifukwa chake nyumba zoulutsa mawu za ku Ulaya zidagwirizana zotchera makina awo pa -18, kusiya mpata wa 18 dB pansi pa denga. Woyimba poyesa maikolofoni amayimba mwaulemu, koma nyimbo ikafika pakolasi amatsegula kukhosi konse. Mpatawo ndi wa nthawi imeneyo.

Dziwaninso kuti mamita ndi osiyana. Ena amaonetsa nsonga ya mawu, monga kugunda kwa ng'oma. Ena, monga mita ya singano yotchedwa VU, amayenda mochedwerapo ndipo amatsata mmene khutu limamvera. Wanzeru amaona zonse ziwiri, makutu ali tcheru.

Tsono tifike pa pan, kabatani kamene kamatumiza mawu ku sipika ya kumanzere, ya kumanja, kapena pakati. Mwambo wake ndi wakuti wotsogolera nyimbo, besi ndi ng'oma yaikulu zikhale pakati, pamene magitala, kiyibodi ndi ovomera amwazidwe pang'ono uku ndi uku, kuti asapondane.

Pano ndipo pagona nkhani kwa ife. Wosakaniza amakhala pakati pa masipika awiri okwera mtengo, koma womvera wake ali kudimba m'mbali mwa Shire ndi kawailesi ka sipika imodzi, kapena foni ya m'thumba. Kawailesi kotere kamaphatikiza mbali ziwiri zija kukhala imodzi, ndipo chida chimene chidakankhidwira kumapeto kwenikweni chimamveka chofooka kuposa zapakati, kawirikawiri ndi 3 dB. M'minibasi ndi m'magolosale, mmene sipika imodzi idafa kalekale, gitala wa kumanzere samvekanso n'komwe. Woliza adavutika chabe. Pa mikisa yambiri pali batani lolembedwa mono. Lisindikizeni musanatseke ntchito, mumve nyimbo yonse mmene adzaimvere mayi wogulitsa tomato pamsika wa Mangochi Turn-off, ndipo chimene chasowa muchibweze chapakati.