Mendulo za Lettow-Vorbeck ndi mpheta za mu mpunga

Munthu amene analandidwa pafupifupi dziko lonse limene anatumidwa kukalondera, n'kumangothawathawa m'tchire, angapatsidwe bwanji mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali? Zimenezi zinachitikira Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany amene agogo athu analimbana naye pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918. Mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Bwanje kuno ku Mtakataka angaimvetse msanga nkhaniyi.

Mpunga ukayamba kukhwima, mpheta zimatulukira. Sizingakulandeni munda, ndipo sizilimbana nanu. Mukakuwa kuno, zauluka, zakatera uko. Koma chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono timeneti banja lonse limapezeka kumunda m'bandakucha, wina ndi chitini, wina ndi legeni, mwana wajomba kusukulu, ntchito zina zaima. Phindu la mpheta si mpunga wokha umene zadya. Zamanga anthu pamalo amodzi.

Nzeru ya Lettow-Vorbeck inali yomweyo. Anabadwa mu 1870, anamenyako nkhondo ku China mu 1900, kenako ku Namibia kuyambira 1904, kumene asilikali a Germany anapulula Aherero ndi Anama. Kumeneko anavulala diso. Atafika ku Tanganyika, dziko limene anatumidwa kukalondera lija, mu Januwale 1914 anadziwa kuti sangagonjetse Angerezi, chifukwa asilikali ake sanapitirirepo 14,000, ambiri mwa iwo Aafirika otchedwa askari. Iye ankangofuna kuti Angerezi awononge anthu, sitima ndi ndalama pomusaka, m'malo mozitumiza ku France kumene nkhondo yeniyeni inkaweruzidwa. Olemba mbiri amati anthu pafupifupi 300,000 anagwira ntchito yomuingitsa.

Poyamba ankamenya ndithu. Ku Tanga, mu Novembala 1914, anabweza asilikali a Britain ochuluka kumuposa kasanu ndi katatu, n'kutola mfuti ndi zipolopolo zimene anasiya pagombe. Koma kumpoto kwa dziko lathu zinawavuta Ajeremani: atalowa ku Karonga pa 9 Seputembala 1914 anabwezedwa ndi asilikali a King's African Rifles.

Nkhani ya mizinga ndi imene imandichititsa chidwi. Mu Julaye 1915 Angerezi anaphwanya sitima yankhondo ya Ajeremani yotchedwa Königsberg pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji, n'kumayesa kuti zathera pomwepo. Ajeremani anazula mizinga yake khumi ya masentimita 10.5, naiika pa matayala, n'kuyamba kuyenda nayo kumtunda. Mzinga wa pa sitima si chinthu chonyamula paphewa. Unkakokedwa ndi zingwe, anthu mazana pa mzinga umodzi, m'matope ndi m'mapiri opanda msewu. Itatu mwa mizingayi ikuonekabe lero ku Pretoria, ku Mombasa ndi ku Jinja.

Mendulo ya Pour le Mérite anampatsa mu Novembala 1916, Dar es Salaam itagwa kale m'manja mwa Angerezi. Mu Okutobala 1917 anaonjezera pa menduloyo masamba a mtengo wa oki, chizindikiro choti waipatanso kachiwiri, ndipo itatha nkhondo yoopsa ya ku Mahiwa mwezi womwewo anakwezedwa kukhala Generalmajor. Patangotha mwezi umodzi, pa 25 Novembala 1917, anawoloka mtsinje wa Rovuma kuthawira ku Mozambique. Akuluakulu a ku Berlin sankawerenga mizinda imene wataya. Ankawerenga adani amene wawatsekereza ku Africa.

Fanizo lathu lili ndi polekezera. Mpheta sizitentha nkhokwe, sizigwira munthu kuti azisenzere katundu. Gulu la Lettow-Vorbeck linkadya za m'midzi imene ladutsa ndi kugwira amuna mokakamiza, njala n'kutsala m'mbuyo mwake. Ndipo munda umene unkadyedwawo sunali wa Mngerezi. Boma la ku Zomba linatenga amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland kukhala asilikali, ndi ena pafupifupi 200,000 kukhala amtengatenga, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankatengedwa kudzera mwa mafumu, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala asanamuone n'komwe Mjeremani. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni.

Asilikali a kwathu anakumana nayenso ku Lioma, ku Mozambique, kumapeto kwa Ogasiti 1918, ndipo anatsala pang'ono kumugwira. Anapulumuka, nalowa ku Zambia, n'kukatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Anali ndi Azungu 155 ndi askari 1,168. Mu Malichi 1919 anthu a ku Berlin anamulandira ngati ngwazi atakwera hatchi, koma mu 1920 anachotsedwa usilikali atathandiza chiwembu cha Kapp chofuna kulanda boma. Anamwalira ku Hamburg mu Malichi 1964, miyezi inayi Malawi asanalandire ufulu.

Luso la nkhondo analinalo, palibe wokana. Koma mendulo zakezo zinalipiridwa ndi mitu ya anthu osenza katundu a mbali zonse ziwiri, ndipo Germany inagonjabe.