Luso Lofunika pa Ntchito za m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga Satemwa ndi Conforzi, udindo uliwonse uli ndi luso lake. Wothyola tiyi ayenera kudziwa kutenga masamba awiri ndi nsonga, pakuti tsamba lokhwima limatsitsa mtengo wa tiyi pa okushoni ya ku Limbe. Kapitawo amafunika zambiri: kugawa ntchito, kuonetsetsa kuti makilogalamu alembedwa molondola ndi kumva madandaulo. Liwiro la manja palokha silimuyenereza munthu kukwezedwa paudindowu.

Amakaniki ndi amisiri a zamagetsi amene anaphunzirira ntchito m'fakitale momwemo angathe kukayesedwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo akakhoza amalandira satifiketi yotsimikizira luso lawo.