Ophika buledi a ku Furancungo ndi ntchito yomwe idabala pizza

Ku Furancungo, likulu la boma la Macanga m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wophika buledi amadzuka tambala woyamba asanalire. Uvuni wake ndi wa njerwa ndi dothi, wozungulira pamwamba, wokhala ndi kakhomo kamodzi. Amasonkha nkhuni m'kati momwemo, moto n'kulilima mpaka njerwa zitamwa kutentha kokwanira. Kenako amachotsa makala, amasesa phulusa, n'kulowetsa mitanda pa thabwa la chigwiriro chachitali. Chomwe chimapsereza buledi ndi kutentha komwe njerwa zasunga, ndipo mmisiri amakuyeza ndi dzanja: amalipisa pakhomo la uvuni, kapena amawaza kaufa pansi n'kuona momwe kakuderera. Akalakwitsa pamenepa ndiye kuti ufa wa tsiku lonse wapita.

Buledi wake ndi uja adatisiyira Apwitikizi, pão, wamng'ono, wa khungu lolimba koma wofewa m'kati. Wa ku Malawi amazolowera buledi wa m'thumba, wodulidwa kale, koma kuno munthu amafuna wotentha, woti aunyeme ndi manja n'kumwera tiyi.

Kawirikawiri padaria (nyumba yophikira buledi) yaing'ono imakhala ya banja. Kukanda ndi ntchito ya wamphamvu, chifukwa mtanda wa thumba lathunthu la ufa umafuna msana ndi mapewa, ndipo ambiri alibe makina. Bambo kapena mwana wamkulu ndiye amagwada pa chibeseni chokandiramo. Wina amadula mtanda n'kuumba timibulu tofanana, osayeza pa sikelo, poti dzanja lidazolowera. Mayi nthawi zambiri ndi amene amasunga ndalama ndi kuwerengera ogula mopikula. Mphwake wa bambo, amene wabwera kudzakhala kwa amalume, amamangirira dengu panjinga n'kuthamangira kumsika, kusukulu ndi pokwerera galimoto dzuwa lisanakwere. Pambuyo pawo pali amayi ogulitsa m'mabeseni, omwe phindu lawo ndi kandalama kochepa pa buledi aliyense, ndiponso odula nkhuni ndi otunga madzi. Uvuni umodzi umadyetsa makomo ambiri ndithu.

Luso lenileni lili pa kufufumitsa. Dera lino ndi lokwera, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Yisiti imachita ulesi, mtanda umachedwa kudzuka, choncho wophika amafunditsa madzi, amafundika mtanda ndi nsalu, kapena amakanda madzulo kuti ugonere. Mu Okutobala zimatembenuka: ukangotembenukira kumbali, mtanda wapitirira, wasasa. Palibe sukulu yomwe amakaphunzirako zimenezi. Mwana amaziona kwa mkulu wake zaka zingapo asanapatsidwe uvuni kuti auyang'anire yekha. Malonda nawonso ali ndi nyengo zake. Alimi akagulitsa fodya, amene ku Macanga amalimidwa kwambiri pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, buledi amatha msanga. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, munthu amasankha ufa wa nsima, ndipo wophika amachepetsa mitanda.

Ndikulemba za anthu amenewa chifukwa ntchito yawo ndi yomweyo yomwe idabala chakudya chotchuka padziko lonse lapansi. Achinyamata athu akamaona pizza m'malesitilanti a ku Tete kapena ku Lilongwe amayesa ndi chakudya cha olemera chichokere kale. Koma pizza idayambira m'makwalala a mzinda wa Naples, kummwera kwa Italy, m'zaka za m'ma 1700, ndipo idali ya amphawi: onyamula katundu padoko, asodzi, aganyu okhala m'tizipinda topanda pophikira. Ophika ankaphwatalitsa mtanda wa buledi, n'kuikapo mafuta, adyo, mchere kapena tinsomba, n'kuuponya mu uvuni wa nkhuni. Anyamata ankayenda nazo m'misewu atasenza pamutu, akugulitsa zidutswa. Matimati adachokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ndipo Azungu ambiri adayamba awaopa poganiza kuti ndi chiphe. Osauka a ku Naples ndi ena mwa omwe adawazolowera pa mtanda wawo.

Kumenekonso ntchitoyi idayenda m'mabanja. Banja la Condurro lidayamba kuphika pizza mu 1870, ndipo malo awo, Da Michele, akadali m'manja mwa zidzukulu. Adatchuka chifukwa chokakamira mitundu iwiri yokha kwa zaka zambirimbiri: marinara, ya matimati, adyo, mafuta ndi timasamba tonunkhira, yopanda tchizi n'komwe, ndi margherita ya tchizi. Za margherita anthu amakonda kusimba kuti mu 1889 mmisiri Raffaele Esposito adaphikira Mfumukazi Margherita pizza ya mitundu ya mbendera ya Italy, yofiira, yoyera ndi yobiriwira, ngakhale akatswiri a mbiri ena amaikayikira nkhaniyi. Chosakayikitsa n'chakuti umphawi udathamangitsa anthu miyandamiyanda kummwera kwa Italy, ndipo adanyamula luso lawo. Akuti Gennaro Lombardi adatsegula malo ake ku New York mu 1905, ndipo kuchokera m'mizinda ya ku America pizza idafalikira konsekonse. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidalemba luso la ophika pizza a ku Naples pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Uvuni wawo ukadali wa nkhuni, umatentha kupitirira madigiri 400, ndipo pizza imapsa pa mphindi imodzi ndi theka.

Tikabwerera kwathu kuno, chomwe chimandipweteka ndi nkhani ya ufa. Boma la Tsangano, m'malire ndi Ntcheu, ndi limodzi mwa madera ochepa m'Mozambique momwe tirigu amalimidwa. Alimi amafesa mvula ikamapita kumapeto, m'mapiri ozizira momwemo momwe mumachokera kachewere, matimati ndi anyezi, ndipo amamweta ndi zikwakwa n'kupuntha pamanja. Komabe pafupifupi tirigu yense amene dziko limadya amabwera pa sitima zapamadzi kudzera ku Maputo, Beira ndi Nacala, n'kugayidwa m'zigayo zazikulu za kumeneko. Thumba la ufa lomwe wophika wa ku Furancungo amatsegula layenda ulendo wautali pa thiraki, ndipo mtengo wa ulendowo uli pamutu pake. Mlimi wa ku Tsangano naye amasowa msika wodalirika, mpaka wina amakagulitsa kwa amalonda a tsidya la Malawi pa mtengo womwe iwo anena. Anthu awiri a m'chigawo chimodzi, wina ali ndi tirigu, wina akufuna ufa, koma sakumana.

Boma la Mozambique lidalankhulapo zokweza ulimi wa tirigu mitengo ya zakudya itakwera padziko lonse mu 2008, ndipo Tsangano adatchulidwa. Mu Sepitembala 2010 anthu a ku Maputo ndi Matola adalowa m'misewu mtengo wa buledi utakwera, ena adafa, ndipo boma lidabweza mtengowo. Mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine idakwezanso tirigu. Nthawi zonsezi wophika wamng'ono ndiye amapanikizika pakati. Akakweza mtengo, ogula amathawa. Akachepetsa kukula kwa buledi, amamunena kuti ndi wakuba. Onjezerani nkhuni zomwe zikunka zitalikira, utsi womwe umawononga maso ndi chifuwa, ndi tulo tosakwanira chaka chonse, mumvetsa chifukwa chake ana ambiri a ophika amalakalaka ntchito ina ku Tete kapena ku Moatize.

Sindikunena kuti padaria za ku Furancungo zisanduke malo a pizza, ngakhale marinara ingatheke lero lomwe ndi matimati ndi adyo za m'dimba. Chofunika choyamba ndi chigayo chabwino cha tirigu pafupi ndi alimi, mbewu yoyenera buledi, misewu yodutsika m'dzinja, ndi mauvuni osadya nkhuni zambiri. Akuluakulu a zaulimi m'chigawo cha Tete ndi magulu a alimi a ku Tsangano akhale pansi ndi ophika buledi a m'maboma a Macanga ndi Angónia, agwirizane za mtengo ndi kuchuluka kwa ufa womwe ungagulidwe chaka chilichonse.