Mapulani a Chaka Chatsopano: Musaiwale za Magazi

Kuno ku Chisepo, Januwale ndi mwezi wa khasu. Banja likakhala pansi madzulo, nkhani imakhala ya feteleza, fizi ndi malata amene adzagulidwe ku Mponela fodya akagulitsidwa. Za umoyo sizitchulidwa kawirikawiri.

Ife alangizi a zaumoyo timaona zotsatira zake. Mvula ikakula, njira zikaterera, ena amaphonya tsiku lokatenga ma ARV. Ena amasiya kumwa poti m'nkhokwe mwatha, chonsecho mankhwala a masiku ano amamwedwa ngakhale munthu asanadye. Chopweteka n'chakuti nthawi zambiri pakhomo palibe amene akudziwa, ndiye palibenso wokumbutsa.

Achinyamata, inu ndi amene mumagwira cholembera kwanu. Polemba mapulani a chaka chino, pemphani mwaulemu kuti palembedwenso mwezi woti banja lonse likayezetse magazi, ndiponso amene azikumbutsa za mankhwala. Ma ARV ndi aulere kuyambira 2004, ndipo kuyambira 2016 wopezeka ndi kachirombo ka HIV amayamba kumwa osadikira kudwala.

Abambo akakana, musakangane nawo. Yambani ndi amayi, kapena tiitaneni tidzacheze nawo.